Amayi, Adona ndi Nsalu ya Chinjoka

Amayi anabwera kuno ku Perth, kutsidya kwa nyanja, kudzandiona chikuta. Inali mimba yanga yoyamba, ndipo mwamuna wanga, amene ankayendetsa lole yonyamula katundu kuchokera ku Kewdale, sankakhalitsa pakhomo. Tinapangana kuti mwana akadzangolimba khosi, amayi adzabwerere ku Lilongwe kumene anasiya abambo. Anafika kumayambiriro kwa 2020, kunja kukutentha ngati mu uvuni, sutikesi yawo itadzaza zitenje ndi matewera ansalu amene anasoka okha. Mwana asanabadwe n'komwe, malire anatsekedwa chifukwa cha mliri wa kolona, ndipo ndege zinasiya kuuluka.

Amayi si munthu wokhala manja lende. Moyo wawo wonse unathera pa makina osokera pakhonde lathu ku Kawale, kusoka mayunifomu a ana asukulu, madiresi a ukwati ndi nsalu za kutchalitchi. M'kafulati kathu ka ku Mirrabooka anasowa chogwira. Anakolopa pokolopa kale, anakangana ndi makina ochapira, ndipo ankaima pawindo n'kumadandaula za aneba amene amadutsana osapatsana moni. Mwana wanga wamkazi atabadwa anapezako ntchito, koma khanda limagona nthawi yaitali. Madzulo ankaimbira abambo foni n'kumawafunsa ngati akusamba m'manja. Abambo, amene anali mphunzitsi wopuma ntchito ndiponso munthu wanthabwala, ankayankha kuti, "Kolona amene ndikumudziwa ine ndi wopempherera yekhayu, ali m'thumba muno. Winayo sitinaonanebe."

Matchalitchi atatsegulidwanso, tinayamba kupita ku Misa. Lamlungu lina anthu atatuluka, ndinapeza amayi atagwada kutsogolo, osati kupemphera ayi, koma atatembenuza m'mphepete mwa nsalu ya paguwa n'kumayang'ana kuseri kwake. Ndinachita manyazi. Ndisanawakoke, mayi wina wachizungu wokalamba, woyendera ndodo, anali ataima kale pambali pawo. Anandifunsa ngati amenewa anali amayi anga, kenako anati, "Muwafunse ngati aona cholakwika."

Ndinamasulira. Amayi anati, "Uwauze kuti amene anapeta izi ali ndi manja. Kumbuyo kulibe mfundo ngakhale imodzi."

Mayi uja anaseka n'kunena kuti anapeta ndi iye, ndipo anatiitanira kwawo. Amayi anamupatsa dzina loti adona, ndipo mpaka lero kwathu timawatchula choncho.

Adona ankakhala okha kufupi ndi Joondalup. Anabadwira ku England, amuna awo anali atamwalira kale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo ankakhala kutali, mbali ya kum'mawa kwa dzikoli. Anatilowetsa m'chipinda chowala bwino. Pakati pake panali felemu yamatabwa yaitali kuposa chitseko, itagonekedwa pa timiyendo, ndipo pa felemupo anakungapo nsalu yabafuta. Theka la nsaluyo linali litapetedwa ndi ulusi wa silika ndi wagolide, theka linalo linali ndi mizere ya pensulo chabe. Kukhoma anamatako zithunzi za nsalu ina yofanana nayo, koma yothimbirira ndi yodyeka.

Adona anatifotokozera kuti nsalu ya pazithunziyo inapetedwa ku Ulaya zaka mazanamazana zapitazo, kuti iziphimba kutsogolo kwa guwa. Kalelo anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, ndiye mbiri ya oyera ankaiona pa nsalu zoterezi. Iwo anaiona ali mtsikana m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo sinawachoke mumtima. Amuna awo atamwalira anayamba kupeta yawo motsanzira, chigawo ndi chigawo. Kenako anationetsa manja awo. Nyamakazi inali itapinda zala moti sakanathanso kulowetsa ulusi pa singano.

Anatiyendetsa ndi ndodo yawo kuyambira kumanzere, ine ndikumasulira. Chigawo choyamba chinali cha mtsikana akuweta nkhosa. Bambo ake anamuthamangitsa pakhomo chifukwa cholowa Chikhristu. Chachiwiri, bwanamkubwa ali pa hatchi akumuloza, akufuna kumukwatira. Mtsikana anakana, ndipo anamukwapula n'kumutsekera m'ndende. M'ndendemo munabwera chinjoka chamapiko, n'kumumeza wamoyo. Koma kamtanda kamene anagwira kanang'amba mimba ya chinjokacho, iye n'kutuluka wopanda bala. N'chifukwa chake, anatero adona akuyang'ana khanda langa, amayi oyembekezera akale ankamupempha kuti awapempherere pobereka.

"Ndiye anakhala bwino?" anafunsa amayi.

"Ayi. Bwanamkubwa uja analamula kuti amudule mutu."

Amayi anaomba m'manja kamodzi. "Aaa! Kutuluka m'mimba mwa chinjoka n'kukafera kwa munthu? Nanga anatulukiranji?"

Adona atamva zimenezi anaseka mpaka kutsokomola. Anati iwonso akhala akudzifunsa funso lomwelo. Kenako anatola singano n'kuwapatsa amayi.

Kapetedwe kake sikanali kamene amayi ankadziwa. Singano imayenera kubaya pakati penipeni pa ulusi umene wangosokedwa kumene, kuung'amba pawiri, kuti mzere ukhale wosalala ngati wojambula. Pa masaya a munthu ulusi umayenda mozungulira ngati nkhata, ndipo nkhope imaoneka ngati ili ndi mnofu. Ulusi wagolide sulowa m'nsalu. Umagonekedwa pamwamba, wina wopyapyala n'kumaugwirira kuchokera kunsi. Amayi anagwira ntchito masana onse pa phiko la chinjoka. Atamaliza, adona anavala magalasi, anayang'anitsitsa, anatenga kasizasi n'kumasula zonse.

Tinatsanzika n'kukalowa m'galimoto. Mmenemo ndiye amayi anaphulika. "Ine kundimasulira nsalu? Ine amene ndaveka ansembe mpaka ena anafika pa ubishopu? Kumeneko sindidzapondakonso." M'mawa mwake ndinawapeza pakhonde ali ndi kansanza ka pilo, akuyeserera kung'amba ulusi ndi singano. Sabata isanathe anandifunsa kuti basi yopita kusiteshoni ya sitima imaima pati.

Nditabwerera kuntchito, amayi anayamba kupita okha, mwana ali kumbuyo. Chingerezi chawo chinali chamoni ndi cha m'sitolo, ndipo adona sankadziwa liwu lililonse la Chichewa, koma ankamvana. Adona anaphunzira mawu akuti "bwino" ndi "pepani", amayi anaphunzira kunena kuti "ageni" akafuna kuseka mnzawoyo asanalamule kuti abwereze. Mwana wanga anaphunzirira kukwawa pansi pa felemu ija. Ndikapita kukawatenga ndinkawapeza atakhala moyang'anana, mitu ili pafupi, wina akusoka, wina akusankha ulusi. Amayi ankachinena chinjoka chija ngati mnansi wovuta. "Lero ndachiika mano," ankatero. "Mawa tikachiboola mimba."

Chakumapeto kwa chaka ndege zina zinayambanso kuyenda, ndipo amayi anati nthawi yakwana. Anayamba kulongedza. Abambo ndi amene anakana. Ndinawamva ndekha, foni ili pa tebulo.

"Amake mwana, inu khalani komweko kaye. Kumeneko akuti matenda kulibe. Mukufuna mudzadutse m'mabwalo a ndege onsewo, ndi shuga wanuyo? Mubwere pa Pasaka. Ine ndikudziphikira, sindinafe ndi njala."

"Mukuphika chiyani inu?"

"Mazira. M'mawa okazinga, madzulo owiritsa."

Amayi anaseka, anawanena pang'ono, kenako anamasula sutikesi.

Mu Januwale mauthenga a maliro anayamba kubwera kuchokera kumudzi tsiku ndi tsiku. Kuno anthu ankapita kunyanja kukasamba, m'masitolo munali modzaza, ndipo ukatuluka panja zinkakhala ngati mliriwo ndi nkhani ya dziko lina. Koma foni ikalira, mtima unkadumpha. Mkulu wakwaya wa kwathu anapita. Mnzawo wa abambo amene ankasewera naye bawo anapita. Kenako abambo anayamba kutsokomola. Anati n'chimfine cha mvula. Patapita masiku angapo achimwene anga anawapeza akulephera kufika kubafa, ndipo anawatengera kuchipatala. Kumeneko sankalola munthu kulowa. Namwino wina wachifundo anawagwirira foni kamodzi. Mawu awo ankatuluka limodzilimodzi.

"Mwana... akuyenda?"

"Wayamba kuima, abambo," anatero amayi. "Inu musalankhule, pumani."

"Mumugwire... asagwe."

Awo anali mawu omaliza amene tinamva. Anamwalira patapita masiku awiri, ndipo tinauzidwa kuti maliro sagona, ayenera kuikidwa tsiku lomwelo kumudzi kwawo ku Dowa.

Kunoko anali masana. Tinakhala pansi m'chipinda chochezera, amayi, ine ndi mwamuna wanga, foni titaitsamiritsa ku mtsamiro. Achimwene ndi amene ankatijambulira. Tinaona galimoto, tinaona anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi akutsitsa bokosi. Abale anawaimika patali. Foni sinkakhazikika m'manja mwa achimwene, ndiye chithunzi chinkangoonetsa mitambo, kenako nsapato zawo zamatope, kenako udzu.

"Uwauze aimike foni bwino," anatero amayi. "Sindikuwaona abambo ako."

Ndinakuwa m'foni muja, koma achimwene sankandimva. Chithunzi chinaima, n'kuzimiratu. Tinaimba, tinaimbanso. Pamene inagwira, panali mulu wa dothi lofiira, anthu akubalalika.

Amalawi a kuno anabwera madzulo omwewo. Anabwera Akatolika, Apresibeteriya, a Sabata, ndi a mipingo ya Pentekosite; anabweranso anyamata a ku Zambia ophunzira ku yunivesite. Tinatulutsa mipando, amayi tinawayalira matiresi pansi, ndipo nyimbo zinaimbidwa motsitsa mawu kuopa aneba. Azimayi ankalira. Amayi anangokhala tsonga, maso ali gwa. Mayi wina wa mumphakati wathu anawanong'oneza kuti alire, asasunge m'mtima. Iwo anati, "Ndilire chiyani? Ine sindinaone kanthu. Ndaona nsapato."

Masiku ochepa pambuyo pake boma la kuno linalamula kuti aliyense akhale m'nyumba kwa kanthawi, chifukwa munthu wina anapezeka ndi matendawa mumzinda. Opepesa anasiya kubwera. M'nyumba munangoti zii. Amayi sanachoke pa matiresi aja. Chakudya ankangochilawa. Mwana akawakwera pamiyendo ankamusisita mutu, koma sankamuberekanso.

Lamulo lija litatha, tinamva kugogoda. Anali adona. Anabwera pa takisi, ndipo anakwera masitepe athu okha ndi ndodo yawo, akupumira m'mwamba. Ndinawakokera mpando. Anayang'ana amayi pansi paja, anakankha mpandowo, n'kundiuza kuti ndiwathandize kukhala pansi. Ndinawauza kuti sadzatha kudzuka. Anati zimenezo tidzaziona nthawi yake. Anakhala pambali pa amayi, miyendo yowuma ija atatambasula, n'kunena kuti, "Pepani." Anakhala choncho mpaka dzuwa linapendeka, ndipo powadzutsa tinachita kuthandizana ndi mwamuna wanga.

Panapita milungu ingapo. Tsiku lina m'mawa amayi anavala nsapato n'kundiuza kuti ndiwaperekeze ku Joondalup. Titafika sanakhale pampando wawo. Anapita kukhoma n'kuyamba kuyang'ana zithunzi zija mpaka chomalizira. Chinali cha mtsikana uja atagwada, msilikali atakweza lupanga. Kupitirira pamenepo nsalu yakaleyo inathera m'mphepete monyenyeka.

"Uwafunse. Anakamuika kuti?"

Adona anati palibe akudziwa zimene zinali kumapetoko. Kalekale wina anadula nsaluyo, mwina kuti ikwane pa guwa laling'ono, ndipo chidutswacho chinatayika. Mwina chinali ndi maliro, mwina angelo.

Amayi anabwerera pa felemu n'kuika dzanja pamalo oyera amene anatsala kumapeto kwa bafuta. "Malo alipo apa. Ndipetapo ine."

Nkhope ya adona inasintha. Anati iwo ntchito yawo yonse yakhala yotsanzira zimene zilipo, osawonjezera kapena kuchotsa ngakhale ulusi umodzi. Malo otsalawo ndi opindira. Kuikapo zongoganiza ndiye kuti nsalu yonse yasanduka bodza.

"Uwauze kuti munthu sasiyidwa pabwalo ngati galu wogundidwa ndi galimoto," anatero amayi. "Amudula mutu, chabwino. Ndiye tonse tinyamuke tizipita? Panalibe anthu m'mudzimo?"

Ndinamasulira mofewetsa. Amayi anandiyang'ana. "Wawauza zonse? Za galu wanena?"

Ndinanena za galu. Adona anayang'ana amayi, amayinso akuwayang'ana. Kenako adona anatsegula kabati, anatulutsa pensulo n'kuiika pa bafuta paja. Anatuluka kukateleka tiyi ndipo anachedwa kubwerako.

Amayi sanali katswiri wojambula, koma zimene anajambula zinkaoneka bwinobwino. Panali dzenje, ndi amuna ogwira makasu. Panali thupi lokulungidwa m'nsalu, likutsitsidwa ndi manja a anthu, manja opanda magolovesi. Mbali ina kunali azimayi atakhala pansi, miyendo atatambasula, atafunda zitenje. Kumutu kwa dzenjelo kunali mayi mmodzi ataimirira pafupi kwambiri, mapazi ake ali m'mphepete penipeni.

Anapeta chigawo chimenecho nyengo yonse yozizira. Chinjoka chinatsala chopanda mchira. Adona anasiya kumasula ulusi wa amayi. Ankangosankha mitundu, ndipo anatulutsa silika wofiirira amene ankamusunga, kuti akhale dothi. Tsiku lina nditapita kukawatenga ndinapeza amayi akusoka uku misozi ikutsika, osaipukuta, osasiyanso kusoka. Adona anali atayala kathaulo pa nsalu, pansi pa chibwano cha amayi, kuti misozi isathimbiritse silika, ndipo singano ikasuntha iwonso ankasuntha kathauloko. Ndinabwerera panja n'kukakhala m'galimoto. Kumeneko ndi kumene nanenso ndinalirira abambo bwinobwino.

Amayi sananenepo kuti maliro a pa nsaluwo anali a ndani, ndipo ine sindinafunse. Koma madzulo ena anandiuza kuti ndiimbire achimwene ndiwafunse mtengo umene uli pafupi ndi manda a abambo. Achimwene anadabwa, anaganiza pang'ono, n'kunena kuti ndi mthethe. Sabata yotsatira pa bafuta paja panamera mtengo waminga.

Chaka chitatsala pang'ono kutha, adona anagwa m'bafa ndipo mbali imodzi ya thupi inafa. Atatuluka m'chipatala anawapititsa kunyumba yosamalira okalamba. Tinakawaona kangapo. Kulankhula kunkawavuta, koma amayi ankawagwira dzanja lopindika lija n'kumawafotokozera m'Chichewa zonse zimene zinatsala: mchira wa chinjoka, masamba a mtengo, ndi nkhope ya mayi woimirira uja, imene amayi ankangoizengereza. Nyumba ya adona inali yokhoma, ndipo ife sitinali abale oti n'kupempha makiyi. Kenako matenda aja analowa mu Perth mwamphamvu, ndipo kunyumba ya okalamba anayamba kuletsa alendo.

Malire atatsegulidwa, mwana wa adona anabwera kudzalongedza katundu wa mayi ake. Anali bambo waulemu, wotopa, maso ali ofiira. Anatilola kulowa. Nsalu ija anali ataichotsa kale pa felemu n'kuikulunga m'pepala. Anatithokoza, nati mayi ake ankatitchula pa foni nthawi zonse, ndipo nsaluyo apita nayo kwawo kuti ana ake adzaione. Ndinafuna kupempha kuti atisiyire kwa milungu yochepa chabe kuti amayi amalize. Amayi anandigwira mkono. "Ndi ya mayi ake," anatero. "Msiye." Anangopempha kuti aitambasule kamodzi. Anayang'ana kumapeto kuja, anachotsa kaulusi kamene kanamatirira, n'kuthandiza bamboyo kuikulunganso. Sitinaionenso. Adona anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho, amayi atapita kale.

Tsiku lonyamuka amayi, mwana wanga anali ndi zaka ziwiri, ndipo sankadziwa tsiku ngakhale limodzi lopanda agogo ake. Pabwalo la ndege ankasewera ndi ngolo ya katundu, osadziwa kanthu. Amayi anamunyamula, anamununkhiza m'khosi, n'kumupereka kwa bambo ake mwachangu. Kwa mwamuna wanga anati, "Apongozi, mwandisunga. Mulungu akusungeni." Kwa ine anangoti, "Usamamusambitse madzi ozizira," n'kulowa osacheuka. Titafika kunyumba mwana anayenda chipinda ndi chipinda, akusuzumira kuseri kwa zitseko.

Amayi atatera ku Lilongwe sanafune kugona ku Kawale. Anauza achimwene kuti awapititse ku Dowa tsiku lomwelo. Anandiimbira ali kumeneko, mawu ali osasa. Anati manda awaona, alambulapo, ndipo mtengo uja si mthethe ayi, ndi msangu. Achimwene anga sadziwa mitengo.

Ine ndinapita chaka chotsatira, pa mwambo woika chiliza. Ndinapeza amayi atachepa thupi, akuyenda pang'onopang'ono. M'mawa wa tsiku la mwambowo, anthu asanasonkhane, anapempha chilolezo kwa eni mudzi ndipo ananditenga awiriwiri kupita kumanda. Njira ankaidziwa bwino, ankandichenjeza pamene pali chitsa. Titafika anagwada movutikira, anatola masamba ouma amene anagwera pamwamba, kenako analankhula ndi mawu awo a masiku onse, amene ankawaitanira abambo kuti adzadye.

"Abambo, mwana wanu uja wabwera."

Anandikoka chitenje kuti ndigwade. Ndinagwada pambali pawo, ndipo tinakhala pamenepo mpaka tinamva kwaya ikuyamba kuimba kumudzi.